Chitsime cha Kalulu ndi madzi a Lunyangwa

Mwana wa pulayimale kuno ku Mzuzu akhoza kuloweza kuti nyengo ikusintha chifukwa cha mpweya wochokera ku malasha, mafuta a galimoto ndi nkhalango zotenthedwa, koma akaweruka mawuwo amatsala m'kope. Ine ndimaona kuti phunziroli limakhazikika mumtima likayamba ndi "Padangokhala", ana n'kuvomera kuti "Tilitonse".

Tonse timaidziwa nthano ya chilala chimene chidakakamiza nyama kukumba chitsime, Kalulu n'kukana kugwira khasu koma n'kumazembera usiku kudzatunga. Mphunzitsi akaikamba n'kufunsa kuti chitsime chathu ndi chiti, yankho silichedwa: ndi damu la Lunyangwa, limene limadalira nkhalango ya Kaning'ina. Funso lovuta ndi lakuti Kalulu ndani. Ana ambiri amathamangira kuloza bambo wokankha njinga yosenza matumba a makala mbandakucha, mpaka wina atakumbutsa anzake kuti makalawo amakathera pa mbaula ya kwawo magetsi akazima. Mkangano ukafika pamenepa, mphunzitsi ayenera kuwauzanso kuti mpweya wambiri wotenthetsa dziko umachokera ku mayiko a mafakitale, pomwe wa Malawi ndi wochepa zedi, ngakhale kuti ndife amene tidaika maliro mazanamazana namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu 2023. Kuwabisira zimenezi ndi kuwasenzetsa mlandu umene si wawo okha.

Agogo nawonso ayenera kuitanidwa m'kalasi. Iwo amadziwa mwezi umene chizimalupsa ankagwa, amakumbukira chifunga cha mu June chimene chinkaphimba mzinda uno mpaka dzuwa litakwera, ndiponso adaiona Chikangawa ili yothithikana ndi paini, macheka ndi moto zisanaipulule. Ena ochokera kummwera amasimbabe za njala ya 1949 monga momwe adaimvera kwa makolo awo.

Komabe munthu akamakumbukira amakonda kukometsera zakale, choncho sindingafune kuti ana azingomeza zonse. Ndi bwino kuti alembe zimene agogo anena, kenaka azifananitse ndi kaundula wa mvula wa nthambi yoona zanyengo, ndipo pamene ziwirizi zasemphana abwererenso kwa agogowo kukafunsa kuti ankanena za chaka chiti ndi mudzi uti.