Momwe ndimaunikira loko ya bolt mfuti isanawombe

Mfuti ya bolt ikafika m'manja mwanga, ndimayamba ndachotsa magazini (kabokosi ka zipolopolo), n'kutsegula bolt (chitsulo chokoka ndi dzanja chimene chimatsekera chipolopolo kumbuyo), n'kupisa chala m'chemba (momwe mumakhala chipolopolo powomba) kuti nditsimikize kuti mulibe chipolopolo. Kenako ndimafuna ndidziwe kuti bolt yake imakhoma pati, chifukwa malo okhomerawo ndi amene amandiuza koyang'ana.

Mfuti zambiri zosakira, monga za CZ ndi Remington 700, zimatsata njira ya Mauser ya 1898: mano awiri kutsogolo kwa bolt, amene amalowa m'mipata yawo chogwirira chikatembenuka madigiri 90. Pa Mauser 98 pali dzino lachitatu kumbuyo, koma ilo siliyenera kugunda chitsulo. Ndi lodikira tsiku limene awiri aja adzathyoke. Ndikalipeza lanyezimira chifukwa chokhudzana, ndimadziwa kuti akutsogolo adyeka kapena mipata yawo yabwerera m'mbuyo, ndipo mfuti imeneyo siwombanso mpaka katswiri aione.

Lee-Enfield ya .303, imene asilikali a King's African Rifles ankanyamula, ndi ina. Mano ake ali kumbuyo, ndipo chogwirira chimangokwera madigiri pafupifupi 60, n'chifukwa chake imathamanga pokoka. Kuipa kwake n'kwakuti mphamvu ya wonga imadutsa thupi lonse la bolt isanafike pa mano, ndiye chitsulo chimafwamphuka pang'ono ndipo zigoba za zipolopolo zimatamuka. Pa mfuti iyi ndimayamba ndi nambala: ya pa bolt ifanane ndi ya pa thupi la mfuti, poti bolt iliyonse inkalinganizidwa ndi mfuti yakeyake.

Bolt ndikaitulutsa ndimaipukuta ndi nsanza ya parafini, n'kupaka inki ya cholembera cha maka kumbuyo kwa dzino lililonse, mbali imene imatsamira chitsulo. Ndimaika chigoba chowombedwa kale m'chemba kuti chizikankhira bolt m'mbuyo, n'kutseka ndi kutsegula kangapo. Inki ifufutike pa mano onse. Ikachoka pa limodzi lokha, dzino limenelo likusenza katundu wa awiri. Ena amathamangira kupala ndi fayilo. Musatero, chifukwa chitsulo chilichonse chimene mwachotsa pamenepo chimakulitsa headspace, mpata wa pakati pa nkhope ya bolt ndi pomwe chipolopolo chimakhazikika.

Mpata umenewu ndimauyeza ndi mageji, tizitsulo toyezera timene timalowa m'chemba ngati chipolopolo. Pa .303, geji ya mainchesi 0.064 bolt iyenera kutseka nayo, koma ya 0.074, malire a asilikali, isatseke. Ndimatsitsa chogwirira ndi zala ziwiri basi, chifukwa mukakakamiza, bolt imatseka ndithu n'kukunamizani. Ubwino wa Lee-Enfield No. 4 ndi woti mutu wa bolt umamasuka, ndipo mitu yake ili ndi manambala kuyambira 0 mpaka 3 motsatana ndi kutalika. Mpata ukakula mumaika mutu wotalikirapo n'kuyezanso. Pa Mauser njira yachidule yotereyi palibe, ntchito yake ndi yomasula mpope wa mfuti.

Mageji akasowa, chigoba chimanena zambiri. Ndimayang'ana mzere wowala wozungulira pamwamba pang'ono pa tsinde lake, kenako ndimapinda nsonga ya waya woonda n'kukanda nayo m'kati. Waya ukakodwa m'kangalande, chigobacho chatsala pang'ono kuduka, ndipo tsiku lina mpweya wotentha udzabwerera kumaso.

Mtundu wachitatu ndi wa bolt yongokoka molunjika osatembenuza dzanja. K31 ya ku Switzerland ili ndi kanjira kokhota kamene kamatembenuza mano mukamakankha. Blaser R93 ilibe mano otembenuka n'komwe. Ili ndi timapazi tachitsulo tozungulira mutu wa bolt timene timatambasuka n'kulowa mu mphako ya mumpope. Pa zoterezi dzanja silimva kukhoma monga pa Mauser, choncho ndimakankha chogwirira mpaka pamapeto penipeni, ndipo mphako ija ndimaitsuka ndi kaburashi. Ndikamasula bolt yotere ndimaijambula pa foni ndisanachotse kanthu. Ross Mk III ya ku Canada inatchuka moipa pa chifukwa ichi: bolt yake ikalumikizidwa molakwika inkatseka osakhoma, mfuti n'kuwomba, bolt n'kubwerera kwa mwini wake.

Chinyezi cha kuno ku Mzuzu chimabweretsa dzimbiri msanga m'mipata ya mano, makamaka ya kutsogolo imene diso siliona. Ndimakulunga kansalu pa kamtengo n'kupukuta m'menemo, kenako kadontho ka girisi kuseri kwa dzino lililonse. M'chemba ndimasiyamo mouma. Mukakhala mafuta, chigoba sichigwira makoma ake powomba, ndiye mphamvu yochuluka imakathera pa mano. Kuwomba koyesa ndimachita pamalo ololedwa, chiphaso cha ku polisi chili m'thumba, magalasi ali kumaso, ndipo chigoba choyamba ndimachiunika ndisanaike chachiwiri.