Mathiraki a pa tebulo: ntchito yathu ku Area 25

Ntchito yathu ndi yomanga mathiraki aang'ono a pulasitiki. Amene amatigula kwambiri ndi madalaivala a maulendo ataliatali ndi eni makampani onyamula katundu. Makolo ofunira ana chidole timawauza chilungamo kuti apite kumsika, chifukwa zathuzi mwana atazigwira sizingagone tsiku. Tili ku Area 25 mu Lilongwe, kufupi ndi Kanengo, kumene mathiraki enieni amagona mizeremizere kudikira fodya, feteleza kapena chimanga. Tilipo atatu: ineyo, mng'ono wanga amene anaphunzira umakaniko, ndi mayi a kunyumba kwathu, amene pa penti ndi zilembo palibe wa ife angawafike.

Ndili mwana ndinkapinda magalimoto a mawaya monga anzanga onse, koma zoti kunja kuli mafakitale opanga thiraki yathunthu m'tizidutswa, yoti munthu ulumikize wekha, sindinkazidziwa. Anandidziwitsa ndi alamu anga, dalaivala wa njira ya Johannesburg. Anabwera ndi bokosi la Scania la kampani ya ku Italy yotchedwa Italeri, ati analiona m'sitolo ya zoseweretsa za akuluakulu ndipo anakumbukira ine. Nditaimanga, mng'ono wanga anakaiika pa shelefu ku garaja kumene ankagwira ntchito. Madalaivala ankaizungulira, kuiyamikira, kenako n'kuyamba kuipezera zifukwa. Mkulu wina wa matanka a mafuta ndiye ananena mosabisa: "Achimwene, yokongola ndithu, koma si yathu iyi. Chiwongolero chili kolakwika, ndiye ya matayala sikisi imeneyi ingakwere Chiweta itasenza?" Anafunsa ngati tingamupangire yofanana ndi imene amayendetsa, ya mtundu wake, nambala yake, ngakhale kupindika kwa bampala yake. Bizinesi inayambira pa funso limenelo, ndipo mpaka lero ndalama yathu imachokera pa kusiyana kwa thiraki ya m'bokosi ndi thiraki ya pa msewu wa M1.

Kwa amene sanalionepo bokosi lotere: mkati mumakhala tizidutswa toposa 200 togwirana pa timafelemu ta pulasitiki, matayala a labala, magalasi, mapepala a zomata ndi kabuku ka zithunzi. Sikelo ya mathiraki a Italeri ndi 1:24, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa tebulo ndi masentimita 24 pa msewu. Hosi, mutu wa thiraki umene umakoka ngolo, ya mamita 6 imatuluka masentimita 25. Kontena ya mafiti 40 imapitirira pang'ono theka la mita. Interlink ya mamita 22, ija ya ngolo ziwiri, imafika masentimita 92, ndipo wofuna yotere timayamba tamufunsa ngati ali ndi poiika. Mathiraki a ku America, monga Peterbilt 359 ndi Kenworth a kampani ya AMT, amabwera pa 1:25. Kusiyanako kumamveka kochepa, koma mukaika tayala la 1:25 pambali pa la 1:24 diso limaona, choncho sitisakaniza.

Kumanga molondola kabuku si kovuta kwenikweni. Chidutswa chimadulidwa ndi kapulayala, osati kuthyola ndi manja, kenako chimapalidwa ndi sandipepa wosalala. Guluu wake si womata wamba: amasungunula pulasitiki mbali zonse ziwiri n'kuzisandutsa chinthu chimodzi. Ife timagwiritsa Tamiya Extra Thin, wamadzimadzi, amene amayenda yekha mumng'alu ukangogunditsa kabulashi. Pa tizidutswa tonyezimira ta chrome guluuyu sagwira mpaka utapala pamalo polumikizirapo. Nthawi zambiri chrome timangoichotsa yonse poviika mu Jik, chifukwa kuwala kwake n'kopitirira, ndipo thiraki ya kuno sinawalepo choncho chichokereni ku doko. Magalasi timamata ndi guluu woyera wa akalipentala. Supagulu amawachititsa nkhungu yoyera yosachoka. Pofunika kudekha kwambiri ndi pa tchesisi. Zitsulo ziwiri zazitali zija zikangopotoka pang'ono, tayala limodzi limalendewera m'malere ndipo kebini imakhala chopendekeka. Mng'ono wanga amazimangira pa galasi lathyathyathya, atazipanikiza ndi sikweya, n'kuzisiya usiku wonse.

Ntchito yeniyeni imayamba pamene kabuku kathera. Mabokosi ambiri a Italeri ndi a mathiraki a misewu ya ku Ulaya: Scania R, Volvo FH, Actros, DAF XF, MAN TGX, ambiri a 4x2 (a maekiselo awiri okha), chiwongolero kumanzere. Kuno timayenda kumanzere kwa msewu, chiwongolero kumanja, ndipo hosi ya katundu wolemera imakhala ya maekiselo atatu. Ndiye dashboard timaidula m'zigawo n'kuitembenuza, mpando wa dalaivala, mapedulo ndi giya zisamuke, ngakhale mawaipa aloze kwina. Anthu ambiri mawaipa sangawaone, koma dalaivala amene wakhala zaka akuwayang'ana mvula ikugwa pa Zobue amawaona msanga.

Kusandutsa 4x2 kukhala 6x4, ya maekiselo atatu ija, ndiye kumadya masiku. Tchesisi timaidula kumbuyo kwa giyabokosi, n'kuitalikitsa ndi timizere ta pulasitiki, n'kupanga ekiselo yachiwiri yakumbuyo ndi masipuling'i ake ndi shafuti yolumikiza madifu awiri. Matayala amachoka pa 6 kufika pa 10. Ngolo nayo ili ndi zake: ya ku Ulaya ya maekiselo atatu imayenda pa matayala 6 akuluakulu, pamene zathu zambiri ndi za matayala awiriawiri, onse 12. Hosi ndi ngolo pamodzi ndi matayala 22, ndipo bokosi silikupatsa onsewo. Poyamba tinkagula mabokosi awiri kuti titulutse thiraki imodzi, zimene zinkakweza mtengo mosaneneka. Pano tinapanga zikombole za silicone, timathiramo resin n'kutulutsa malimu ndi matayala athuathu. Amakhala olimba gwa, koma akapentedwa n'kudetsedwa palibe angasiyanitse.

Kenako pamabwera zija zimene fakitale ya ku Italy sinaziganizepo. Chitsulo chotchinga kutsogolo, cha ng'ombe ndi mbuzi za m'njira, timachipinda ndi waya wa kopa n'kuwotcherera ndi soda (solder); apa ndiye luso la mawaya a paubwana limagwira ntchito. Matanki a dizilo aataliatali mbali zonse ziwiri. Bokosi la zipangizo lokhala ndi loko. Chigubu cha madzi kumbuyo kwa kebini. Tepi yachikasu yonyezimira m'mbali mwa ngolo, ndi bolodi la mizere yofiira ndi yachikasu kumbuyo. Nambala zofiira za galimoto yamalonda. Mkati, katani ndi bulangete pa bedi, ndipo ena amapempha kambaula ndi kapoto, chifukwa moyo wa pa boda ya Mwanza, Dedza kapena Songwe ndi wophika wekha uku ukudikira mapepala.

Ngolo zambiri timapanga tokha kuchokera pa chabe. Ya fulati timaidula ku zotsala za mapulasitiki a olemba zikwangwani. Thanki ya mafuta ndi paipi ya PVC, yofewetsedwa m'madzi owira n'kuiphwatalitsa pang'ono, popeza thanki yeniyeni si yobulungira ndendende. PVC simva guluu wa Tamiya, imafuna epoxy. Pa thanki pamakhala kabolodi ka olenji ka nambala ya katundu, 1203 ngati ndi petulo, 1202 ngati ndi dizilo, ndipo dalaivala wa thanka amayamba wawerenga pamenepo asanaone china chilichonse. Tenti yofunda katundu ndi tishu yonyowetsedwa ndi guluu woyera wosungunula ndi madzi. Ikauma imagwira makwinya ngati tenti yeniyeni, ndipo zingwe zake ndi ulusi wosokera nsapato. Mabelo a fodya ndi timatabwa tokutidwa ndi nsalu yopyapyala.

Penti ndi ufumu wa mayi. Amapopera ndi airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mpweya, ndipo mpweya umachokera ku kompulesa ya filiji yakale imene mng'ono wanga anailumikiza ku kathanki. Siichita phokoso, ndipo kathankiko kamasunga mpweya wokwanira kumaliza kebini magetsi akathima pakati pa ntchito. Nyengo ya Lilongwe imatilamulira. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi limalowa paliponse, ndiye kebini ikangopentedwa imavundikiridwa ndi beseni. Mu Okotobala penti imauma isanafike pa pulasitiki n'kusiya khungu lokhakhala, choncho amapopera m'bandakucha. Nthawi ya dzinja chinyezi chimachititsa vanishi kuyera. Zomata zimafuna malo osalala onyezimira, apo ayi mpweya umatsalira pansi ndipo m'mphepete mumaoneka siliva. Zilembo za makampani timasindikiza tokha pa pepala la zomata, koma pulinta wamba alibe inki yoyera, ndiye dzina loyera pa kebini yabuluu limafuna pepala loyera lodulidwa mosamala, kapena dzanja la mayi ndi kabulashi ka tsitsi lowerengeka.

Pali mkangano umene sutha pakati pa makasitomala athu. Eni makampani amafuna thiraki yoyera mbee, ngati yangotuluka kumene m'fakitale, yoti ikakhale pa tebulo la mu ofesi. Madalaivala amafuna yakuda. Amafuna fumbi lofiira pa matayala ndi m'munsi mwa zitseko, girisi pa fifth wheel (chitsulo chokolerapo ngolo), mwaye kumbuyo kwa ekizozi, dontho la dizilo lotsetsereka pa thanki. Ine ndili kumbali ya madalaivala, ngakhale yakudayo imatenga nthawi yochuluka ndipo mtengo wake sitikweza. Fumbi lake ndi dothi lenileni lakatondo, losefedwa pa nsalu n'kusakaniza ndi vanishi wosawala. Thiraki yoyera ikhoza kukhala ya aliyense. Yakuda mwini wake amaizindikira ali pakhomo.

Za ndalama ndiye zimatipweteka mutu. Bokosi, guluu ndi mapenti ena zonse n'zakunja, ndipo timagula ndi marandi. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa bokosi unadumpha pamene tinali titalandira kale madipoziti pa mtengo wakale. Maoda amenewo tinamaliza popanda phindu. Kuyambira pamenepo dipoziti ndi mtengo wa bokosi pa tsiku logula, ndipo za ntchito ya manja zimalipidwa thiraki ikatha. Guluu wamadzi ndi penti ya m'zitini zopopera sizikwera ndege chifukwa zimayaka, ndiye zonse zimadzera pansi, Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, m'makebini a madalaivala omwewo amene amatigula. Timangowapempha chimodzi: bokosi lisakhale pa dashboard. Dzuwa la ku Tete limapinda pulasitiki, ndipo kebini yopindika siwongoka. Kuti tichepetse zakunja, pulaimala (penti yoyamba ya pansi) ndi mitundu yambiri timagula kwa osakaniza penti ya magalimoto konkuno, amenenso amatha kutipatsa mtundu weniweni wa kampani. Penti imeneyi ndi yaukali, imadya pulasitiki yosatetezedwa, choncho pulaimala amayamba wapita mopyapyala kangapo.

Thiraki iliyonse imachoka pano ili m'bokosi la galasi lokhala pa thabwa, matayala atamangidwa ndi waya kunsi. Pa minibasi sititumiza. Magalasi a m'mbali ndi tinyanga ta wailesi sizipirira mabampu. Mwini amabwera yekha, kapena timapatsira dalaivala wodziwika. Maoda amachuluka kumapeto kwa chaka, makampani akamafuna mphatso za madalaivala opuma pa ntchito, komanso nyengo ya fodya ikatha, anthu ali ndi kangachepe m'thumba. Amayi ogulira amuna awo nawonso ndi ambiri, ndipo iwowa ndi amene amabwera ndi zithunzi zabwino kuposa eni akewo. Pakhalaponso mabanja ofuna thiraki imene bambo awo ankayendetsa asanamwalire, atanyamula chithunzi chimodzi chofwifwa cha ERF kapena Mercedes yakale ya mphuno. Zoterezi timafunsa madalaivala achikulire a pa Kanengo kuti atikumbutse mbali zimene chithunzi sichikuonetsa, ndipo sasowa wokumbukira.

Chimene chikutivuta panopa ndi kusintha kwa msewu weniweniwo. Mathiraki a ku China, Howo, Shacman ndi FAW, achuluka kwambiri, ndipo mabokosi awo a pulasitiki a 1:24 ife sitinawapeze kulikonse kumene timagula. N'chimodzimodzi Freightliner Argosy, imene madalaivala a njira ya kumwera amaikonda. Tchesisi, maekiselo ndi matayala tikhoza kubwereka ku Volvo kapena MAN, koma kebini iyenera kupangidwa yonse. Mng'ono wanga wakhala akupita ku Kanengo ndi tepi, kuyeza kebini ya Howo kuyambira pa sitepe mpaka padenga, n'kugawa muyeso uliwonse ndi 24. Yoyamba akuisema pa thabwa lofewa kuti tipangire chikombole. Chovuta kwambiri ndi galasi lakutsogolo, limene tikuyesa kulipinda ndi pulasitiki yoonekera ya m'mapaketi, yofunditsidwa pa moto n'kuikokera pa thabwalo.

Wofuna kuoda atitumizire pa WhatsApp zithunzi za mbali zonse zinayi, china cha mkati mwa kebini, china cha kumbuyo kwa kebini kumene kuli mapaipi a mpweya, ndi china chapafupi cha zilembo za pa chitseko. Hosi yokha imatenga pafupifupi mwezi bokosi likafika. Ya ngolo ndi katundu wake, miyezi iwiri.