Singano yopindika ya mayi wa ku Santhe

Lolemba ku wodi yathu kuno ku Kasungu ndi tsiku la makanula, timapaipi timene timaika mumtsempha podutsira dripi ndi mankhwala. Amene anaikidwa Lachisanu amakhala ena atatsekeka, ena atatupitsa mkono, ndiye m'mawa wonse umathera pozula ndi kuika ena: wabuluu kwa agogo a mitsempha yopyapyala, wapinki kwa ambiri, wobiriwira kwa oyembekezera kuikidwa magazi. Ntchito imeneyi manja anaizolowera.

Lachiwiri kunabwera mayi wina wa cha ku Santhe, amene ana ake anamutumiza ku India kukalandira mankhwala a khansa ya m'mawere. Atakhala pa bedi anamasula batani la bulauzi nati, "A nesi, ndabwera kudzatsukitsa kachipangizo kanga." M'munsi mwa fupa la paphewa lamanja munali kotukuka, kozungulira, ngati chitsekerero cha botolo chakwiririka pansi pa khungu. Ndi port imeneyo: kabokosi kolimba kolandirira mankhwala, kotsekedwa pamwamba ndi silikoni (mtundu wa labala wofewa), ndipo kuchokera pamenepo kapaipi kamalowa mumtsempha waukulu wothira magazi mumtima. Mankhwala a khansa ndi aukali, amatentha timitsempha ta m'mikono mpaka kuuma, ndipo akatayikira pansi pa khungu amasiya chilonda chovuta kupola. Mumtsempha waukulu magazi ndi ambiri, amawasungunula nthawi yomweyo. Madokotala a ku America anayamba kuika zipangizozi mu 1982, koma kwathu kuno nesi akhoza kupuma pantchito asanagwireko ngakhale chimodzi.

Mtsikana amene akuphunzira unamwino anali atakonza kale thireyi, singano ya jakisoni wamba ili pompo. Mayi uja anangoiyang'ana. "Iyayi mwanangu, imeneyo musandibaye nayo." Anapisa m'chikwama natulutsa kapaketi kokulungidwa mu jumbo, mkati muli singano zake za Huber. Zatsala ziwiri. Ananena zoona mayiyo. Singano wamba ikalowa imabudula kachidutswa ka silikoni, pakapita nthawi port imayamba kudontha. Ya Huber nsonga yake ndi yokhotera pambali, imangopatula silikoni, ikatuluka pamatsekekanso. Mwini dzinalo, Ralph Huber, anali dokotala wa mano, zimene zinamuseketsa kwambiri wophunzira uja.

Ndinavala magolovesi oyera, kupukuta khungu, kudikira kuti liume. Zala zitatu zinagwira port kuti isatereke, singano n'kulowa chilili mpaka ndinamva ikugunda pansi pake. Ndinakoka pang'ono, magazi akuda anaonekera mu sirinji, mtima wanga unakhala pansi. Kenako salaini, madzi a mchere otsukira, ndi sirinji ya 10 ml chifukwa zing'onozing'ono zimakankha mwamphamvu n'kuphulitsa kapaipi, ndipo sathira kamodzin'kamodzi: kukankha, kuima, kukankhanso, kuti madzi azunguze zonse zomata mkati. Mayiyo ankanditsatira ndi maso, akugwedeza mutu ngati mphunzitsi wochonga mayeso. Ntchito ya mphindi khumi imeneyi ikapanda kuchitika pa masabata anayi mpaka asanu ndi atatu alionse, magazi amaundana mkati, chipangizo cha ndalama zambiri n'kutha ntchito.

Usiku wa Lachitatu kunabwera mwana wotsekula m'mimba, maso atalowa, mitsempha yonse itabisala. A kiliniko anabaya singano m'fupa, m'munsi mwa bondo, dripi n'kuyenda. Agogo ake anafuna kukomoka poona. M'mawa mitsempha itadzuka tinaika kanula wachikasu padzanja n'kuizula ya m'fupa, popeza siyenera kupitirira maola 24.

Lachinayi anagonekedwa bambo wa ku Chamama amene amatsukitsa magazi pa makina ku Kamuzu Central Hospital. Pamkono wamanzere ali ndi fistula, pomwe madokotala analumikiza mtsempha wochokera kumtima ndi wobwerera kumtima kuti makina otsuka magazi azilumikizidwa pamenepo. Ukaikapo zala umamva kunjenjemera kosalekeza. Mkono umenewo sayezapo BP, satengapo magazi, saikapo kanula. Gadiyani wake, mkazi wawo, anali atamangapo kansalu kofiira ndipo aliyense wobwera ndi makina a BP ankamuuza asanapereke ndi moni womwe. Ena mwa anzanga amati magadiyani otere ndi ovuta. Ine ndimawakonda, chifukwa mashifiti athu amasintha katatu patsiku pomwe iwo sachoka pambali pa bedi.

Lachisanu pa msonkhano wa m'mawa ndinapempha zinthu ziwiri: kuti buku la kuchipatala la aliyense wokhala ndi port kapena fistula tizililemba ndi cholembera chofiira pachikuto, komanso kuti wa port akabwera thupi litatentha kufika madigiri 38 asamaime pamzere, poti majeremusi akalowa m'kapaipi amakhala alowa kale m'magazi. Zonse anavomera. Za singano za Huber, a ku famase analemba pa pepala n'kunena kuti afunsa ku Lilongwe.