Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Agogo Sanadye Ana Awo

Zikomo nonse amene munanditonthoza pa gawo lapitalo, makamaka inu amayi a ku Leeds amene munati misozi inakutulukani muli m'basi. Ena mwadandaula kuti nkhani ya agogo ndinaithamangitsa, ndinangoti anandilera kenako n'kulumphira za kusukulu. Ndinachita dala. Ndinkadikira kuti timange kaye chiliza, ndipo tamanga.

Pa chitupa cha unzika chimene anajambulitsa mu 2017 analembapo 1935, koma chaka chimenecho anangochiganizira mlembi. Eni ake ukawafunsa ankati, "Njala ya fote naini inandipeza nditangotha msinkhu." Mu 1949 mvula inadula, ndipo dera lathu la Lunzu linali limodzi mwa madera amene anakhaula kwambiri. Bambo awo, amene anali mkamwini pamudzipo, anatsanzika kuti akukasuma ku Ntcheu. Sanabwerenso. Amuna ambiri anachita zomwezo chaka chimenecho, kuthawira kwawo n'kusiya akazi ndi ana akukumba mizu kutchire. Njala imeneyo sinawachoke agogo mpaka kufa. Mkute sunkatayidwa pakhomo pathu, ndipo mwana wogwetsa njere za chimanga pokonola ankazitola imodziimodzi iwo ataima pomwepo.

Anakwatiwa, anabereka ana asanu ndi awiri. Agogo aamuna anapita ku Joni pa Wenela, n'kubwerako Kamuzu ataletsa ulendowo chifukwa cha ndege ija inagwa ku Francistown mu 1974. Anabwera ndi njinga, sutikesi ndi chifuwa cha kumigodi chimene chinadzawapha. Agogo anagula makhadi a chipani ndi ndalama za zitumbuwa, anavinira Kamuzu, ndipo mu 1993 anakavotera nyali osauza aliyense.

Zimene ndakhalira pansi lero ndi izi. Kuyambira 1994 kufika 2001 agogo anaika m'manda ana awo anayi. Mayi anga anali achitatu. Nthawi imeneyo dzina la matendawo silinkatchulidwa pamaliro, anthu ankangonong'onezana za kaliwondewonde, ndipo ma ARV aulere anadzafika mu 2004, kwathu kutatha kale. Wodwala aliyense akatulutsidwa kuchipatala ankabwera naye kwa agogo. Iwo ndi amene ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi kasupuni, kuchapa nsalu zawo kudambo mbandakucha anthu asanadzuke, ndi manja opanda magolovesi. Mayi anga atatsala mafupa okhaokha, agogo ankawabereka kumsana popita nawo kuseri, munthu wamkulu wa ana atatu.

Tsiku losesa maliro a mayi, abale atasonkhana pansi pa mtengo wa mango, ine ndinali nditatsamira pa miyendo ya agogo pamkeka. Nkhani inali ya ife ana, kuti atitenga ndani. Aliyense anayang'ana pansi. Kenako mayi wina, amene anakwatiwa kubanja kwathu, anakweza mawu kuti aliyense amve: "Koma tidzifunse, ana akutha chonchi, nkhalambayi osadwala ngakhale mutu, ikudya chiyani?"

Palibe anawadzudzula. Amalume aakulu anangotsokomola. Ndinamva miyendo ya agogo ikunjenjemera kumsana kwanga, ndipo dzanja lawo limene linali pamutu panga linauma gwa. Sanalire. Anakhala choncho nthawi yaitali, kenako anandikankha pang'ono n'kunena kuti, "Dzuka, mkazi mnzanga, tikasonkhe moto, ana awa sanadye." Umu ndi mmene ankanditchulira pocheza, koma tsiku limenelo mawu awo anali a munthu wina. Tinalowa m'khitchini, ndipo nkhani yoti atitenga ndani inathera pomwepo.

Mawu aja anayenda. Kumjigo amayi ankasuntha zidebe zawo agogo akafika. Ana a anthu analetsedwa kulandira ngakhale chinangwa pakhomo pathu, ndipo kusukulu ndinkatchedwa mdzukulu wa mfiti. Usiku wina miyala inagwa padenga. Amene anatiimira ndi amayi a Mvano, omwe anayamba kubwera atavala zoyera zawo n'kumakhala pakhonde pathu akuimba, dala, kuti mudzi wonse uone. Masiku ano ndikamva pawailesi kuti gogo wina waphedwa pomuganizira ufiti, ndimadziwa kuti ifenso zinatsala pang'ono.

Mayi aja alipo, ndipo ndikudziwa kuti ana anu amakuwerengerani zimene ndimalemba. Dzina lanu sinditchula, mukudzidziwa. Pa njala ya 2002 munabwera madzulo ndi kabeseni kobisa mu chitenje. Agogo anakupatsani ufa umene unali wa mawa lathu, osatchula kanthu. Ufa wa mfiti uja munaudya, ndipo simunafe. Ine ndikanakhala mwini nkhokwe mukanabwerera chimanjamanja, ndipo sindichita manyazi kunena zimenezi. Pamaliro awo munalira kuposa tonse, mpaka anthu kukugwirani. Zaka zonsezi munali ndi pakamwa, koma mawu oti pepani sanatulukemo.

Achibale ena andiimbira foni kuti ndisafukule zakale, akuti agogo anakhululuka. N'zoona, anakhululuka, ndipo umenewo unali mtima wawo. Koma m'busa pamaliro ananena za moyo wautali ngati mdalitso wokhawokha, anthu n'kumavomera amen, ine ndikuganiza za manda anayi amene anali pafupi pomwepo. Zidzukulutudzi zawo zikukula, ndipo tsiku lina wina adzazinong'oneza nkhani ija mokhotetsa. Ndikufuna zidzapeze zolembedwa.

Anamwalira m'nyengo yozizira ya 2024, kunyumba kwawo, atakana kupita kuchipatala. Adzukulu asanu ndi anayi amene anatilera tonse tinalipo, kupatula mchimwene uja wa ku Cape Town amene mapepala anamuvuta, ndipo anaonera mwambo wonse pa WhatsApp.

Gawo lotsatira ndi la chaka chimene agogo anagulitsa mbuzi zawo zonse kuti ndikayambe Fomu 1. Amalume a ku Joni, konzekani, muli momwemo.