Ulendo wathu waku New Abbey: chigayo chosafuna magetsi

Amene simunapite nawo kukaona chigayo chakale choyendera madzi ku New Abbey kuno ku Scotland Loweruka lija mwakhala mukufunsa kuti zinayenda bwanji, nde mayi tcheya anati ndilembe ineyo poti ndinali ndi kope mmanja tsiku lonse. Za ndalama musandifunse, zimenezo msungichuma afotokoza yekha.

Tinapangana kunyamuka ku Glasgow 8 koloko mmawa koma mukudziwa kale mmene timachitira, minibasi inatuluka 9 itadutsa chifukwa ena anali akukazingabe mandasi. Tinalowa msewu waukulu wa M74 kulowera kummwera, kenako tinakhotera ku Dumfries, kuchoka apo ndi kamsewu ka A710 kokhotakhota, mphindi zochepa basi mwafika pamudzi wa New Abbey. Kamudzi kakang'ono, nyumba zamiyala, kumbuyo kuli phiri la Criffel lomwe achimwene athu aku Mulanje analiyang'ana kamodzi nkunena kuti kwathu ichi timati chulu.

Choyamba ndiulule manyazi athu. Pachikwangwani analemba kuti New Abbey Corn Mill, nde tonse mumtima tinati chigayo cha chimanga, mpaka mayi ena anabwera ndi kathumba kopinda mu handibagi ati mwina tikagulako mgaiwa watsopano kkkk. Titafika bambo amene amalandira alendo anatiuza mwaulemu kuti kuno mawu oti corn kale amatanthauza mbewu iliyonse imene anthu akudalira pamalopo, ndipo ku Scotland mbewu yake ndi oats. Chimanga sichinali chakudya chawo. Nde chigayochi chinali cha oats, ufa wa phala lija amadya mmawa ndi timikate tawo touma tija. Kathumba kanabwerera kopanda kanthu.

Nyumba yake ukaiona kunja siyodzionetsera. Makoma amiyala okhuthala opakidwa laimu woyera, denga la masileti, mawindo ang'onoang'ono, nsanjika zitatu. Nyumba ya mwini wogaya inalumikizana ndi chigayo chomwecho, ndiye kuti munthuyo amagona akumva makina, pena pakalakwika usiku amangodzuka nkulowa. Mbali ina kuli ng'anjo youmitsira mbewu ndipo pamwamba pake pali kachumuni kokhala ndi kansomba kachitsulo kozungulira ndi mphepo, ana anakaona msanga kuposa ife akulu. Nyumba imene ilipo panoyi inamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ndi banja la Stewart, eni malo aku Shambellie pafupi pomwepo, ndipo poyamba inali yaifupi, anadzaikweza pambuyo pake. Koma anthu apamudzipo amaitchulabe Monks' Mill, chigayo cha amonke, chifukwa akukhulupirira kuti pamalo omwewo panali chigayo cha amonke a Sweetheart Abbey, nyumba yawo yachipembedzo ya mmudzi momwemo, kalekale.

Ine chimene chinandigwira mtima si nyumbayo ayi, ndi njira ya madzi. Tisanalowe mkati anatitengera kaye kumtunda kukaona dziwe. Madzi amachokera ku Loch Kindar, kanyanja kali mmunsi mwa phiri lija, amayenda mu ngalande yokumba ndi manja mpaka kudzagwera mu dziwe limeneli, apo amasungidwa kudikira ntchito. Pali kachitseko kathabwa kotsekera ndi kutsegulira, ukakweza madzi amalowa mu mtsinje wamatabwa ngati bwato lalitali loimikidwa mmwamba, nkukathira pamwamba pa gudumu. Gudumulo lili ndi timabokosi mozungulira monse, madzi akadzadza mbali imodzi mbaliyo imalemera nkutsika, timabokosi tina topanda kanthu tikukwera, basi chinthu chija chayamba kuyenda. Ine ndimaganiza kuti madzi amachita kukankha ndi liwiro ngati mtsinje wosefukira, koma ayi, ndi kulemera chabe. Nchifukwa chake madzi ochepa amakwanira bola agwe kuchokera pamwamba. Akamaliza amatuluka pansi nkubwerera kumtsinje ali omwewo, osachepa osadetsedwa.

Anatitsegulira kwa kanthawi kuti tione. Poyamba kunali chete, kenako kuchucha, kenako gudumu linachita ngati likuganiza kaye, kenako gubudu gubudu pang'onopang'ono, ndipo titalowa mkati pansi ponse pamanjenjemera kumapazi. Phokoso lake silili ngati la chigayo cha dizilo chakwathu choti ukatuluka makutu ali ngwii, apa mumatha kucheza bwinobwino.

Mkati mwake ndi mmene muli nzeru. Pansi penipeni pali magiya. Gudumu lakunja lija limazungulira choimirira, koma miyala yogayira imazungulira chogona, nde pamafunika kutembenuza mphamvuyo. Pa shafiti ya gudumu pali giya lalikulu limene limaluma lina laling'ono, limenelo limazunguza, mphamvu nkupita ku timagiya tina timene timayendetsa miyala mmwamba. Giya lalikulu likamaluma laling'ono liwiro limakwera, gudumu kunja likuyenda mwaulesi koma mwala mkati ukuthamanga. Chinandidabwitsa nchoti mano ena a magiyawo ndi amtengo, okhomeredwa limodzi limodzi mu chitsulo. Achimwene ena amene amagwira ntchito mu garaja anafunsa kuti bwanji osaika chitsulo chokhachokha. Yankho lake ndi loti mtengo ukakumana ndi chitsulo phokoso limachepa, komanso china chikakakamira chimathyoka ndi dzino lamtengo lomwe mmisiri asema tsiku lomwelo, mmalo moti giya lonse lachitsulo lisweke. Achimwenewo anangogwedeza mutu nkuti fyuzi imeneyo.

Pa nsanjika yapakati ndi pamene pali miyala. Imakhala iwiri iwiri, wapansi sugwedezeka, wapamwamba ndi umene umazungulira, ndipo yonse imaphimbidwa ndi chibokosi chathabwa kuti ufa usamwazike. Apa mayi athu achikulire aku Ntcheu anaima nthawi yaitali nkunena kuti iyitu ndi mphero, mphero ndi mwana wake, kungoti mwanayu wakula. Ndipo sananame. Kusiyana kwake nkoti miyalayi simagundana, pakati pamatsala kampata kochepetsetsa komwe wogaya amakweza kapena kutsitsa malinga ndi ufa umene akufuna. Pankhope ya mwala anasema mizere yochokera pakati kupita kumphepete, nde mwala wapamwamba ukamazungulira mizere yake imadutsana ndi yapansi ngati sizasi, mbewu imadulidwa nkumakankhidwira kunja. Mizereyo ikafufutika amayenera kunyamula chimwala chonsecho, kuchitembenuza, nkukhala pansi kusemanso ndi kanyundo kakuthwa, ntchito ya masiku. Pamwamba pali chibokosi chothiramo mbewu chonga fanulo, pansi pake kathabwa kopendekeka kamene kamagwedezeka kuti mbewu zizigwa pang'ono pang'ono pabowo lapakati pa mwala. Mbewu zikatha miyala nkumayenda yokha zimaopsa, imathetheka moto, ndipo fumbi la ufa ndi moto sizionana.

Nsanjika yapamwamba ndi nkhokwe. Matumba samanyamula pamutu kapena pamsana kukwera masitepe, pali tcheni chokokedwa ndi gudumu lomwelo, thumba limakwera lokha kudutsa pa timazitseko tapansi timene timatseguka thumba likamadutsa nkudzitsekanso tokha. Nde mbewu imakwera kamodzi, kenako imangotsika yokha kuchoka nsanjika iyi kupita iyo mpaka kukhala ufa. Nyumbayi anaimanga motalika chifukwa cha zimenezo, osati kukongoletsa.

Za ng'anjo ndisaiwale. Kuno kumagwa mvula nthawi iliyonse, dzuwa loyanika mbewu pamkeka ngati kwathu kulibe, nde oats amayamba waumitsidwa pamoto. Pansi amasonkha moto, mmwamba muli pansi pa zitsulo zobowolabowola, amayala mbewu pamenepo nkumaitembenuza ndi fosholo munthu ali mu utsi momwemo. Amene munakulira ku Kasungu kapena ku Mchinji mukadaona mukadati balani ya fodya. Akauma amapita pa miyala yoyamba yongochotsa makoko, kukonola kumene, kenako mphepo ya chokupizira imauluza makokowo mmene timachitira ndi lichero, kenako miyala ina ndiyo imagaya, kenako sefa. Ndipo madeya ake samataya. Amawaviika mmadzi masiku angapo mpaka asase, nkusefa, nkuphika phala lowawasa lotchedwa sowans. Titamva izi tinayang'anizana, chifukwa ifenso mphale timaviika mpaka inunkhe bwino, eti anthu otalikirana chonchi nzeru nkukhala imodzi.

Koma mbiri yake ili ndi mbali yowawa, ndipo apa mpamene gulu linagawanika. Kale ku Scotland kunali lamulo lotchedwa thirlage. Ngati ukulima pamalo a bwana wina, umakakamizidwa kukagayitsa pa chigayo cha bwanayo basi, kwina ayi, ngakhale kukhale pafupi kapena kotchipa. Malipiro sanali ndalama koma gawo la mbewu yako yomweyo, lotchedwa multure, ndipo wantchito wapachigayo amatapanso kake, muyezo wina unali gowpen, kutanthauza manja awiri odzadza. Pamwamba pa izo alimi omwewo amayenera kuthandiza kukonza ngalande ndi kubweretsa miyala yatsopano. Madera ena amafika pophwanya timphero tapanyumba kuti anthu asamagaye okha. Lamulo loyamba kumasula alimi ku zimenezi linabwera mu 1799, nthawi yomweyo imene nyumba tinaionayi inali yatsopano. Bambo ena aku Thyolo atamva anangoti thangata, mawu amodzi okha, ndipo palibe anatsutsa. Taganizani munthu kubwera pakhomo panu kudzaswa mtondo wa amayi anu kuti muzipita kwa iye. Kuyambira pamenepo ine dziwe lija ndinayamba kuliona mwina, chifukwa amene wagwira kachitseko ka madzi kaja ndi amene wagwira phala la mudzi wonse.

Chigayochi chinagwira ntchito mpaka nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, kenako chinatsekedwa poti mafakitale akuluakulu anali atalanda msika. Mwayi wake makina sanagulitsidwe ngati zitsulo zakutha, anakhala momwemo, ndipo m'ma 1970 chinakonzedwa nkuperekedwa mmanja mwa boma. Pano akuyang'anira ndi a Historic Environment Scotland, bungwe la boma losamalira malo akale.

Nkhomaliro tinadyera panja, mpunga ndi nkhuku ndi mandasi anatichedwetsa aja, kenako tinayenda wapansi kupita ku Sweetheart Abbey, mphindi zochepa kudutsa mmudzi. Ndi bwinja la tchalitchi chachikulu cha miyala yofiira, denga kulibe koma makoma ndi nsanja zili chiimire. Anayambitsa ndi mayi wolemera dzina lake Dervorguilla waku Galloway mu 1273 pokumbukira mwamuna wake John Balliol. Mwamunayo atamwalira mayiyu anasunga mtima wake mu kabokosi ka minyanga ya njovu, kumayenda nako kulikonse, ndipo naye atamwalira anaikidwa nako limodzi mmenemo. Dzina loti Sweetheart linachokera pamenepo. Loti New Abbey, kutanthauza nyumba yatsopano ya amonke, ndi chifukwa amonke ake, a chipani cha Cistercian, anachokera ku Dundrennan komwe kunali nyumba yakale. Tangoganizani malo a zaka zoposa 700 akutchedwabe atsopano. Azimayi anayamba kufunsa azibambo kuti inu mtima wanu tidzausunge mu chani, wina anati mu chigubu cha mafuta ophikira. Mlongo wathu waku Chipata anakumbutsa kuti nafenso tili ndi mtima wa munthu waku Scotland kwathu, wa David Livingstone, umene unakwiriridwa pansi pa mtengo kwa Chitambo ku Zambia mu 1873 thupi likupita ku London. Kaya anthu akuno ali ndi chani ndi mitima.

Pobwerera mu minibasi nde munali mtsutso. Achimwene aku Mulanje aja anati mitsinje yotsika mphiri kwawo monga Lichenya ndi Likhubula simaphwa chaka chonse, bwanji amayi akumakhala pa mzere wa chigayo kuyambira mmawa kudikira magetsi abwere pamene madzi akungodutsa kuseri. Ine ndinawamvetsa chifukwa ndikukumbuka ndili mtsikana kusiya ndowa ya mphale pachigayo masiku awiri, tikudya mbatata usiku, mpaka mphale inayamba kuchita nkhungu. Koma wa garaja uja anati tisatengeke, chimanga ncholimba ndipo njere zake nzazikulu kuposa oats, miyala ingathe kugaya koma pang'onopang'ono, ndipo anthu anazolowera ufa wosalala wa chigayo cha nyundo, ukawapatsa wamiyala adzati wakhakhala. Anati kuli bwino madziwo apange magetsi ngati mmene anachitira kwa Bondo ku Mulanje konko, magetsiwo nkuyendetsa chigayo wamba. Ena anati nanga kumadera kopanda mapiri ngati ku Nsanje madzi agwa kuchokera pati. Mayi aku Ntcheu anangofunsa funso limodzi, kuti chigayo chamadzicho chikamangidwa kachitseko kadzakhala mmanja mwa ndani, amfumu, tchalitchi kapena komiti, ndipo apo aliyense anayamba kuyankhula nthawi imodzi mpaka tinadutsa Moffat tisanagwirizane.

Tinafika ku Glasgow cha mma 7 madzulo. Amene munasiya ambulera yobiriwira ndi kontena ya kachumbari mu minibasi zili kwa ine, kontenayo ndatsuka.