Wotchi yakale imadziwika ndi kumbuyo kwake

Ndikaona pa misika ya pa intaneti ya eBay kapena Facebook Marketplace wotchi yapakhoma yomwe akuti ndi ya m'zaka za m'ma 1800, ndimayamba ndawerenga mawu a wogulitsa mofatsa. Ambiri sanama poyera, amangozembetsa mawu. Akalemba kuti antique style kapena vintage look, avomera okha kuti ndi yongotengera. Pa malonda a zinthu zakale, chinthu chimayenera kukwanitsa zaka 100 kuti chitchedwe antique.

Kenako chithunzi cha wotchiyo ndimachifufuza pa Google Lens, yomwe imapeza zithunzi zofanana nacho pa intaneti. Wotchi yomwe akuti inachokera m'sitima yapamadzi ikapezekanso kwa ogulitsa ena ambirimbiri, yofanana mpaka pomwe yachita dzimbiri, nkhani yathera pomwepo. Zoterezi zimapangidwa mwaunyinji ku India ndi ku China, n'kulembedwa London kapena Paris pankhope pake.

Nkhope ya wotchi sindiikhulupirira. Pepala latsopano amalidetsa dala kuti lioneke lokalamba, koma kuda kwake kumakhala kofanana paliponse, pomwe wotchi yomwe yagwiradi ntchito imakandika kwambiri m'mbali mwa mabowo olowetsapo kiyi. Choncho ndimalembera wogulitsa kuti: "Pepani, munganditumizireko chithunzi cha kumbuyo, kachitseko kali kotsegula, makina akuoneka bwino?"

Apa ndiye pagona nkhani. Mukapezeka kabokosi kakuda ka pulasitiki koyendera batire, amenewo ndi makina a quartz, omwe anafala m'ma 1970, ndipo mabowo a kiyi aja ndi ongokongoletsa. Koma makina a mkuwa oyendera sipuling'i si umboni paokha. Mawotchi ambiri olembedwa Regulator ndi 31 Day anapangidwa ku Korea m'ma 1970 ndi 1980, ndipo amayenda bwinobwino. Nditha kugula, bola pa mtengo wa wotchi ya msinkhu umenewo. Pamkuwapo ndimafufuza chidindo. Pa makampani a ku Germany, Junghans ali ndi nyenyezi ya nsonga zisanu ndi zitatu, Gustav Becker ali ndi nangula ndi zilembo GB. Mawu akuti West Germany amaulula zaka mosabisa, chifukwa dziko la dzina limeneli linalipo kuyambira 1949 mpaka 1990 basi. Kampani ya Ansonia ya ku America inagulitsa makina a m'fakitale yake ku Soviet Union mu 1929, koma dzina lake likupezekabe pa mawotchi opangidwa pambuyo pake. Dzina la pankhope likasiyana ndi la pamakina sindithamangira kunena kuti ndi chinyengo, poti eni masitolo akale ankakonda kulemba dzina lawo pa wotchi yopangidwa ndi ena.

Ndikachoka pa makina ndimakulitsa chithunzi n'kuona masikuluwu. Aja okhala ndi mtanda pamutu, a Phillips, anayamba kufala m'ma 1930. Imodzi kapena ziwiri, mwina wokonza anasinthapo. Onse akakhala otero, kuphatikizapo matabwa a MDF (opangidwa ndi utuchi wopanikiza), mawaya a sitepula ndi guluu wosungunula, wotchiyo ndi yadzulodzulo.

Yovuta kugwira ndi yomwe makina ake ndi akaledi, bokosinso lakale, koma sizinachokere pamodzi. Ndimaizindikira ndi timabowo topanda sikuluwu pathabwa lakumbuyo, pomwe panamangidwa makina oyamba, kapena cholendewera chogwedezeka (pendulum) chachitali kapena chachifupi molakwika, chosaonekera bwino pagalasi lake. Kwa ine yotereyi si yotaya, koma wogulitsa anene zoona ndipo mtengo utsike ndithu.

Wogulitsa akayamba zoti anaipeza kwa agogo ndipo sadziwa kutsegula kwake, ndimamusiya. Akatumiza zithunzi, ine n'kukhutira nazo, ndimajambula zonse zomwe analemba pa malondapo ndisanalipire, makamaka chaka chomwe watchula, ndipo ndimalipira kudzera njira yolola kubweza katundu akapezeka kuti ndi wosiyana ndi zomwe zinalembedwa.