Mtsikana amene mtima wake unali kumanja

Sabata yathayi inayamba monga masabata ena onse m'chipinda chathu cha matenda a mapapo. Lolemba ndinaona odwala mphumu komanso amayi amene mapapo awo anawonongeka ndi utsi wa nkhuni, Lachiwiri tinachotsa madzi m'chifuwa cha abambo awiri, ndipo makina oyezera mphamvu ya mapapo anakhalabe m'kabati chifukwa timapaipi topumiramo tinatha kalekale. Zimenezi sindikanazilemba pakanapanda mtsikana wa zaka 14 amene anabwera ndi mayi ake Lachitatu m'mawa.

Kalata yomutumizira kwa ine inanena kuti chifuwa chachikulu chikukana mankhwala. M'kabuku kake ka kuchipatala, kamene kanali katathothoka masamba ndipo anakasoka ndi ulusi, ndinapeza kuti anamwa mankhwala a chifuwa chachikulu katatu, miyezi 6 ulendo uliwonse, ngakhale kuti makhololo ake atayezedwa pa makina a GeneXpert sanasonyezepo kachilombo ka chifuwa chachikulu. Zala zake zinali zotupa kunsonga, ndipo m'khutu lakumanzere munali thonje lothimbirira ndi mafinya. Nditaika chomvetsera pamene mtima umayenera kumveka, ndinangomva kugunda kwapatali. Nditasunthira kudzanja lamanja, mtima unamveka bwinobwino. Ndinatenga chithunzi cha ekisire chimene anabwera nacho, ndipo mtima unaoneka kumanzere monga wa munthu aliyense, koma pakona pake wina anali atafufuta chizindikiro cha mbali n'kulemba china ndi cholembera. Wojambulayo anaganiza kuti analakwitsa, choncho anatembenuza chithunzi kuti chigwirizane ndi zimene anazolowera kuona.

Ndinafunsa kuti, "Mayi, chifuwachi chinayamba liti?" Iwo anayankha kuti, "Adokotala, mwanayu anabadwa nacho. Tsiku lachiwiri lokha anamuika pa mpweya, ndipo mamina sanaumepo m'mphuno mwake, dzinja ndi chilimwe chomwe." Funso limeneli silifuna makina kapena ndalama, koma zikuoneka kuti pa zaka 14 zonsezi palibe amene analifunsa.

Matenda amene ndikuwaganizira ndi primary ciliary dyskinesia, amene ndakhala ndikuwafufuza chibwerereni kumaphunziro a ukatswiri wa mapapo. M'njira za mpweya muli titsitsi tosaoneka ndi maso timene timagwedezeka maulendo oposa 10 pa sekondi, kusesera makhololo ndi tizilombo kukhosi. Titsitsi timeneti tikabadwa tosagwira ntchito, makhololo amadikha m'mapapo ngati madzi a m'chithaphwi, tizilombo timaswana, ndipo njira za mpweya zimafutukuka mosabwereranso. Titsitsi ta mtundu womwewu ndi timene timalozera mbali imene ziwalo zikhale mwana ali m'mimba, n'chifukwa chake pafupifupi theka la odwalawa amakhala ndi mtima kumanja ndi chiwindi kumanzere. Dokotala wina dzina lake Manes Kartagener anafotokoza zizindikiro zimenezi ku Zurich mu 1933, ndipo mu 1976 Björn Afzelius wa ku Sweden anasonyeza kuti gwero lake ndi titsitsi tosagwedezeka. Si nkhani yatsopano ayi, koma kuno mwana aliyense wotsokomola kwa nthawi yaitali timathamangira kumuika m'kaundula wa chifuwa chachikulu, chifukwa ndi matenda okhawo amene ali ndi mankhwala, mafomu ndi galimoto zoyendera odwala.

Chimene chinandivuta kwambiri ndi kufotokozera mayiwo. Mawu akuti majini, otanthauza mbewu zimene mwana amatengera kwa makolo, ndimawapewa, popeza ambiri akawamva amaganiza za mizimu yoipa, ndipo mayiwa anali atandiuza kale kuti achibale a kuchimuna amawanena kuti ndi amene anabweretsa tsoka m'banja. Ndinawauza kuti matendawa ndi akumtundu, ndipo mwana amadwala pokhapokha atatengera mbewu yake kwa bambo ndi kwa mayi omwe, ngakhale onse awiri ali bwinobwino. Pa mimba iliyonse ya makolo otere, mpata woti mwana abadwe nawo ndi umodzi pa inayi. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye mng'ono wakenso amatsokomola chonchi." Ndinawapempha kuti adzabwere naye.

Lachinayi ndinayamba kufunafuna zomuthandizira, ndipo m'pamene mkwiyo wanga unakula. Makina a CT, ojambula mwatsatanetsatane m'kati mwa thupi, ndi owonongeka. Makina oyezera mpweya wa nitric oxide m'mphuno, umene umakhala wochepa kwambiri mwa odwalawa, ndinawapempha zaka zitatu zapitazo ndipo pempholo lidakali pa tebulo la akuluakulu. Ku England kuli malo apadera otsimikizira matendawa ku London, Leicester ndi Southampton, pamene ine ndimadalira khutu langa ndi mbiri imene mayi wa mwana wandiuza. Magazi a ana amene ndikuwatsatira mu kafukufuku wanga ali mufiriji kudikira ndalama zotumizira kunja, ndipo nthawi iliyonse magetsi akathima ndimada nkhawa kuti ntchito ya zaka zambiri iwonongeka. Nditakumbutsa za zimenezi pa msonkhano wa madzulo, ndinauzidwa kuti matenda osowa ngati amenewa si oyenera kutsogozedwa. Ndinayankha kuti sitingadziwe kusowa kwa matenda amene sitinayambe tawayeza, komanso kuti miyezi 18 ya mankhwala osafunikira inalipiridwa ndi ndalama za boma zomwezo.

Mankhwala ochiziratu kulibe, koma mapapo angatetezedwe. Kafukufuku wa ku Ulaya wotchedwa BESTCILIA, amene anafalitsidwa mu 2020, anasonyeza kuti kumwa mankhwala opha tizilombo a azithromycin kwa miyezi 6 kumachepetsa ndi pafupifupi theka maulendo amene matendawa amayambiranso mwamphamvu. Sindingamuyambitse mankhwalawa makhololo ake asanayezedwenso mokwanira, choncho tayamba ndi kuchotsa makhololo. Katswiri wolimbitsa mafupa ndi minofu tili naye mmodzi yekha pa mawodi onse, ndiye Lachisanu masana ine ndi namwino tinamugoneka mtsikanayo chammbali, n'kuphunzitsa mayi ake kuomba pamsana ndi dzanja lopinda ngati chikho, m'mawa ndi madzulo. Makhololo obiriwira anatsala pang'ono kudzaza kabotolo. Pachikuto cha kabuku kake ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti mtima uli kumanja, chithunzi chisatembenuzidwe. Mng'ono wake, wa zaka 6, abwera Lachitatu likubwerali.